Kodi Kudzidalira ndi Kudekha Mtima Kungampambanitse Wotchova Njuga?

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mwini kupereka riziki, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, palibe Msilamu amene sadziwa kuti njuga ndi haramu. Ngakhale mwana wa ku madrasa akhoza kutiuza zimenezi. Komabe m'madooko ndi m'misika ya ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, ndalama za usipa zikuthera m'mashopu obetchera mpira ndi m'mafoni a m'manja. Tikamvetsera bwino zolankhula za abale athu amene agwa mu mchitidwewu, tikupeza kuti ambiri amangidwa ndi chikhulupiriro chimodzi. Iwo amati: "Amene amadyedwa ndi amantha ndi opupuluma. Ukalowa mtima uli m'malo, ukudzidalira, ndalama imabwera." Wina akadyedwa sanena kuti njuga ndi yoipa, amanena kuti tsiku limenelo mutu wake sunali bwino, mawa adzalowa atakhazikika.

Chikhulupiriro chimenechi nchofunika kuchiunika mofatsa, chifukwa ndicho chimene chimam'bweza munthu ku njuga ngakhale atalumbira kambirimbiri kuti wasiya.

Kumene kudzidalira kumathandiza

Tiyambe ndi kuvomereza zoona. Zilipo ntchito zimene mtima wa munthu umasinthadi zotsatira zake. Siginala wa chilimila amene wakumana ndi mwera pakati pa nyanja, akadekha amaona bwino m'mene mafunde akubwerera ndipo amawafikitsa alovi ake kumtunda. Akanjenjemera akhoza kuwamiza onse. Katswiri wa bawo akakhazikika amawerenga nkhomo zake molondola. Mwana amene waloweza Qur'an akaima pamaso pa anthu mopanda mantha amawerenga bwino kuposa mnzake amene wagwidwa ndi manyazi. M'zonsezi chotsatira chili m'manja, m'maso ndi m'lilime la munthuyo. Mtima ukalimba, dzanja limalimbanso.

Tsono funso ndi ili: kodi m'njuga chotsatira chili m'manja mwa yani? Kampira kamene kakuzungulira pa gudumu sikadziwa ngati woikapo ndalama ali wodekha kapena wosokonezeka. Osewera mpira a ku England sadziwa kuti ku Makanjira kuli mnyamata amene waika ndalama ya ufa pa timu yawo. Kompyuta imene ikuulutsa kandege pa foni siimva kugunda kwa mtima wa woisewera. Pakati pa maganizo a wotchova njuga ndi chotsatira cha njugayo palibe chingwe chilichonse cholumikiza.

Masamu amene sasunthika

Eni njuga sadalira mwayi, amadalira masamu. Titenge chitsanzo cha gudumu la m'nyumba za njuga za ku Ulaya lotchedwa roulette. Gudumuli lili ndi manambala 37, kuyambira 0 mpaka 36. Munthu akaika K1,000 pa nambala imodzi ndi kupambana, amalandira K35,000 pamodzi ndi K1,000 yake ija. Tsono yerekezani kuti waika K1,000 pa nambala iliyonse kuti asaphonye ndi pang'ono pomwe. Watulutsa K37,000, koma chimene chibwerere kwa iye ndi K36,000. K1,000 yatsala kwa mwini nyumba. Imeneyi ndiyo gawo limene mwini nyumba anadzisungira asanatsegule nkomwe chitseko, ndipo silisintha kaya wosewerayo walimba mtima ngati mkango.

Masewero a kandege, amene dzina lake lenileni ndi Aviator ndipo anatulutsidwa ndi kampani ya Spribe mu 2019, amayenda mofananamo. Eni ake amanena poyera kuti pa K100 iliyonse imene osewera onse pamodzi aika, K97 ndiyo imabwerera kwa iwo. Wina anganene kuti K3 ndi yochepa. Koma wosewera saika ndalama yake kamodzi kokha. Zimene zabwerera amaziikanso. Munthu amene wazunguza ndalama zake zonse maulendo 23 amakhala, mwa kawerengedwe kameneka, atatsala ndi theka lokha. Poti ulendo umodzi wa kandegeko umatha m'timphindi tochepa, maulendo 23 akhoza kukwana pakati pa Swala ya Maghrib ndi ya Isha.

Apa mpamene pagona mfundo yaikulu ya nkhani yathu. Kudzidalira sikusintha mwayi wopambana. Chimene kumasintha ndi kukula kwa ndalama imene munthu aika, ndi kutalika kwa nthawi imene akhala akusewera. Wokayika amaika pang'ono nkuchoka msanga. Wodzidalira amaika zambiri ndi kukhalitsa, kotero ndiye amene amam'patsa mwini njuga gawo lalikulu. Kudzidalira kwa wotchova njuga ndi chuma cha mwini njuga.

Misampha inayi ya m'maganizo

Akatswiri a maphunziro a kaganizidwe ka munthu akhala akufufuza chifukwa chimene munthu wanzeru zake amadzidalira pa chinthu chimene sangachilamulire. Mwa zimene apeza, titchulepo zinayi.

Msampha woyamba ndi kudziona ngati uli ndi ulamuliro. Mu 1967, James Henslin anafalitsa zimene anaona pakati pa oyendetsa matakisi a mumzinda wa St. Louis ku America, amene ankatchova njuga yoponya madayisi. Akafuna nambala yaing'ono ankaponya mofatsa, akafuna yaikulu ankaponya mwamphamvu, ngati kuti dayisi limamva mphamvu ya dzanja. Mu 1975, Ellen Langer anagulitsa matikiti a lotale a dola imodzi kwa anthu ogwira ntchito m'maofesi. Ena anawalola kudzisankhira tikiti, ena anangowapatsa. Pambuyo pake onse anafunsidwa mtengo umene angagulitsire tikiti yawo. Amene anangopatsidwa anatchula pafupifupi madola awiri. Amene anadzisankhira anatchula madola oposa asanu ndi atatu. Mwayi wa matikiti onsewo unali wofanana, koma kungosankha kokha kunawapangitsa kumva ngati tikiti yawo ili ndi mphamvu ina. Nchifukwa chake njuga za masiku ano zimam'patsa munthu zosankha zambiri: timu, chiwerengero cha zigoli, nthawi yotsika m'kandege. Zimam'patsa chiwongolero chimene sichinalumikizidwe ku matayala.

Obetcha mpira adzanena kuti iwo ndi osiyana, poti mpira amaudziwa. Ofufuza a ku Switzerland, motsogozedwa ndi Yasser Khazaal, anafunsa anthu 258 kuti alosere zotsatira za masewero khumi oyambirira a mpikisano wa maiko a ku Ulaya wa 2008. Pakati pawo panali akatswiri a mpira, okonda mpira wamba, ndi ena osautsatira nkomwe. Akatswiriwo sanalosere bwino kuposa enawo. Ndipo tonse tikukumbukira za pa 22 Novembala 2022 ku Qatar, pamene Saudi Arabia inagonjetsa Argentina 2-1, timu imene inali itasewera masewero 36 osagonja. Odzidalira kwambiri tsiku limenelo ndiwo anadyedwa kwambiri.

Msampha wachiwiri ndi kuganiza kuti "nthawi yanga yakwana". Pa 18 Ogasiti 1913, m'nyumba ya njuga ya ku Monte Carlo, kampira ka roulette kanagwera pa mtundu wakuda maulendo 26 motsatizana. Pamene maulendowo ankachuluka, anthu ankathamangira kuika ndalama zambiri pa mtundu wofiira, poganiza kuti wakuda sungapitirirenso. Anataya chuma chochuluka usiku umenewo. Gudumu silikumbukira zimene zachitika kale. Ulendo uliwonse umayamba pawokha, ndipo mwayi wa mtundu wofiira umakhalabe 18 mwa 37, kaya wakuda wabwera kawiri kaya kakhumi. Chimodzimodzi amene amalemba m'kope m'mene kandege kaulukira maulendo apitawo, akungotaya inki.

Msampha wachitatu ndi uja wa "ndinangotsala pang'ono". Mu 2009, Luke Clark ndi anzake a pa yunivesite ya Cambridge anaunika ubongo wa anthu amene ankasewera pa makina a njuga. Anapeza kuti munthu akaphonya pang'ono, mbali zina za ubongo zimene zimatakasuka popambana zimatakasukanso, ndipo ngakhale kuphonyako kumam'pweteka, kumamuonjezera chilakolako chopitiriza. Ganizirani tikiti ya masewero a mpira khumi. Tiyerekeze kuti pa masewero aliwonse mwayi wolosera molondola ndi 7 mwa 10, umene uli mwayi waukulu ndithu. Mwayi woti onse khumi alondole sukwana 3 mwa 100. Koma mwayi woti asanu ndi anayi alondole, amodzi okha aphonye, ndi 12 mwa 100. Choncho kudandaula kuja kwakuti "timu imodzi yokha ndiyo yandigwetsa" kumachitika kanayi kuposa kupambana kwenikweni. Mnyamata amakutenga ngati umboni wakuti ali ndi luso, pamene ndi m'mene masamu a tikitiyo anapangidwira. Nsomba imaona nyambo, siiona mbedza.

Msampha wachinayi, umene uli woopsa kuposa yonse, ndi kuthamangira kubweza zimene zatayika. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anaonetsa mu 1979 kuti munthu akakhala pa phindu amakonda kusamala, koma akakhala pa kutaya amalolera kuika moyo wake pachiswe kuti afafanize kutayako. Kafukufuku wawo wotsatira anaonetsa kuti ululu wa kutaya ndalama umalemera pafupifupi kawiri kuposa chimwemwe cha kupeza ndalama yofanana nayo. Nchifukwa chake amene wadyedwa K5,000 sapita kwawo. Amaika K10,000 kuti abweze, kenaka amakongola, kenaka amagwira mpamba wa geni ya mkazi wake, kenaka ukonde kapena injini ya boti zimapita pa chikole. Pa nthawi imeneyi iye amadzitcha wolimba mtima, koma chimene chikumuyendetsa ndi mantha a kukaonekera kunyumba chimanjamanja.

Nanga wodekha weniweni?

Wina adzafunsa kuti: nanga munthu amene angathedi kuugwira mtima wake, osagwa m'misampha imeneyi? Yankho lili m'mbiri ya Fyodor Dostoevsky, mmodzi wa alembi akuluakulu a ku Russia. Mu 1863 anapambana pa roulette mumzinda wa Wiesbaden ku Germany, ndipo anakhulupirira kuti watulukira chinsinsi chake, chomwe chinali kudziletsa ndi kusatenthedwa mutu. Patangopita masiku ochepa anadyedwa ku Baden-Baden. Koma sanatsutse chinsinsi chakecho. Ankangodziimba mlandu kuti walephera kudekha. Kwa zaka zisanu ndi zitatu ankabwererabe ku gudumu, mpaka kupinyolitsa ndolo ndi zovala za mkazi wake, kufikira anasiya mu 1871. Munthu ameneyu ankaudziwa mtima wa munthu kuposa ambiri a ife, ndipo mu 1866 analemba buku lonse lonena za wotchova njuga. Chimene chinam'sunga m'ukapolo ndi chikhulupiriro chomwechi chimene tikuchimva m'madooko mwathu lero.

Zoonadi, alipo amene amapambana maulendo angapo motsatizana. Mu 2014, Juemin Xu ndi Nigel Harvey a pa University College London anaunika mabeti 565,915 a anthu 776 obetcha pa intaneti. Anapeza kuti amene apambana motsatizana ankapitirizadi kupambana, ndipo amene adyedwa motsatizana ankapitiriza kudyedwa. Koma chifukwa chake sichinali kudzidalira. Opambanawo ankayamba kuopa kuti mwayi wawo watsala pang'ono kutha, ndipo ankasankha mabeti osavuta a phindu lochepa. Odyedwawo ankakhulupirira kuti nthawi yawo yakwana, ndipo ankasankha mabeti ovuta kwambiri. Amantha ndiwo ankapulumukako, odzidalira ndiwo ankamira.

M'njuga zina za makadi, monga poker, momwe anthu amalimbana okhaokha, luso ndi kudekha zimagwirako ntchito, ndipo sitingabise zimenezi. Koma ndalama imene wodekhayo watenga siimera m'munda kapena kuvuuka m'nyanja. Yachoka m'thumba la mnzake amene wasokonezeka mutu. Luso lake lonse ndi kudyera pa kufooka kwa m'bale wake. Ndipo ngakhale akatswiri oterewa amagwa. Archie Karas anafika ku Las Vegas mu 1992 ali ndi madola 50 okha, ndipo pofika kumayambiriro kwa 1995 anali atapambana madola oposa 40 miliyoni. Chaka chomwecho anataya zonse m'masabata ochepa. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Zimene Qur'an inanena kale za mtima wa wotchova njuga

Abale olemekezeka, nzochititsa chidwi kuti Qur'an yolemekezeka ikamatchula njuga imaitchula pamodzi ndi mowa, monga m'Surah Al-Baqarah ndime 219 ndi m'Surah Al-Maidah ndime 90 ndi 91. Mawu a Chiarabu otchulira mowa, khamr, amachokera ku tanthauzo la kuphimba, chifukwa mowa umaphimba nzeru. Njuga nayo imaphimba nzeru, ngakhale munthu sanamwe kanthu. Madokotala anafika pa mfundo yomweyi mochedwa: bungwe la madokotala a matenda a maganizo la ku America linavomereza mu 1980 kuti kutchova njuga kosadziletsa ndi matenda, ndipo mu 2013 linawaika matendawa m'gulu limodzi ndi uchidakwa ndi kudalira mankhwala ozunguza bongo.

Ndime ya m'Surah Al-Baqarah ija siikana kuti m'njuga muli kaphindu kena kwa anthu, koma ikufotokoza kuti tchimo lake ndi lalikulu kuposa phindu lakelo. Aluya a nthawi ya umbuli ankapha ngamira ndi kuichitira maere pogwiritsa ntchito mivi khumi, isanu ndi iwiri yokhala ndi magawo, itatu yopanda kanthu. Amene yawagwera yopanda kanthu ankalipira ngamira yonse, ndipo opambana ankagawira osauka nyamayo modzitamandira. Amene wakana kulowa nawo ankanyozedwa kuti ndi waumbombo. Kotero kuyambira kale njuga imadziveka chovala cha ulemu ndi kulimba mtima. Ndime za m'Surah Al-Maidah zinavula chovalacho, potiuza kuti cholinga cha Satana m'njuga ndi kudzetsa udani ndi chidani pakati pa anthu, ndi kuwatsekereza kukumbukira Allah ndi kupemphera Swala. Onani kuti zonse zotchulidwazi ndi za mumtima. Amene ali ndi tikiti m'thumba akaima pa Swala ya Asr tsiku Loweruka, thupi limaloza ku Qibla koma maganizo ali ku bwalo la mpira.

Tisasokonezenso kudzidalira kwa wotchova njuga ndi tawakkul, kumene kuli kuyadzamira kwa Allah. M'hadith imene anailandira Imam Tirmidhi, Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale kwa iye, analangiza munthu wina kuti ayambe wamanga ngamira yake, kenaka ndiye ayadzamire kwa Allah. Tawakkul imayenda ndi njira yovomerezeka: kusoka ukonde, kupalasa bwato, kulima mpunga, kuchita malonda, kenaka nkusiya zotsatira m'manja mwa Mwini zonse. Ndime yomaliza ya Surah Luqman ikutikumbutsa kuti palibe mzimu umene ukudziwa chimene udzapeze mawa. Wotchova njuga akamanena kuti "lero ndikudziwa, idutsa basi", akudzinenera kudziwa zobisika. Ndipo kudzidalira kotereku kukayamba kuchepa, ambiri amakakufuna kwa asing'anga, m'zithumwa, m'maloto, kapena kwa akathyali a pa WhatsApp ndi Facebook amene amagulitsa zotsatira za masewero asanaseweredwe. Hadith ya m'buku la Imam Muslim ikuchenjeza kuti wopita kukafunsira kwa wolosera, Swala yake siilandiridwa kwa masiku makumi anayi. Tchimo limodzi latsegulira khomo linzake loopsa kwambiri.

Ena amati poti boma linaloleza, ndiye kuti palibe vuto. Nzoona kuti lamulo la 2022 linakhazikitsa bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority loyang'anira njuga m'dziko muno, ndipo ana osakwana zaka 18 saloledwa kutchova. Koma chiphaso cha boma sichisandutsa haramu kukhala halali, monganso sichisintha masamu amene tafotokoza aja.

Tichite chiyani tsono?

Kwa m'bale amene wagwidwa kale, choyamba ndi kusiya kudziimba mlandu wolakwika. Simunadyedwe chifukwa mutu wanu sunali bwino tsiku limenelo. Munadyedwa chifukwa njuga inapangidwa kuti idye. Palibe tsiku limene mudzalowe mutadekha mokwanira. Chachiwiri, ndalama imene yapita iwerengeni kuti yapita. Kufuna kuibweza kudzera pa khomo lomwelo ndiko kumene kumamaliza mabanja. Chachitatu, dulani njira: chotsani masewerowo m'foni, ndipo ndalama za pa Airtel Money kapena TNM Mpamba muzisungitse kwa mkazi wanu, kholo kapena m'bale wokhulupirika, makamaka masiku amene nsomba zagwidwa zambiri. Chachinayi, lembani m'kope ndalama iliyonse imene munaika ndi imene munalandira m'miyezi itatu yapitayi. Mtima umasunga tsiku limodzi lopambana ndi kuiwala masiku makumi awiri odyedwa, koma kope silinama.

Chachisanu, lapani kwa Allah, pakuti khomo la tauba ndi lotsegula. M'hadith ya kwa Bukhari ndi Muslim, Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale kwa iye, analamula kuti ngakhale amene wangomuitanira mnzake ku njuga apereke sadaka. Dzanja limene linazolowera kutambasukira chuma cha ena liphunzitsidwe kupereka. Ndipo ngati chilakolako chakula kufikira kusowetsa tulo, kunamiza abale, kapena kubweretsa maganizo ofuna kudzipha, ameneyo ndi wodwala wofunika thandizo msanga. Aperekezedwe ku chipatala cha boma kwa oona za matenda a maganizo, monga momwe tingam'perekezere wodwala malungo.

Kwa makolo, mashehe ndi eni maboti: tisawanyoze ana athu pagulu, chifukwa manyazi ndiwo amawabisitsa ngongole mpaka zitakula. Tikhale nawo pansi, tiwerenge nawo masamuwa, ndipo kulimba mtima kumene ali nako tikulozetse kumene kungabale zipatso: ku sukulu, ku ntchito za manja, ku nyanja ndi ku malonda a halali.

Tikupempha Allah kuti atipatse riziki la halali ndi kutidalitsira m'menemo, ayeretse mitima yathu ku dyera, ndipo awabweze ku njira yoongoka abale athu onse amene asokera. Ameen.